Mkodzo Wobwereka

Bowa amene ana a kumudzi ku Roi Et amamupondaponda pothamangitsa njati zoweta m'minda ya mpunga, uja womera pa ndowe mvula ikangoyamba, ndi amene madokotala a mu Bangkok anamuthira m'kapisozi n'kumupatsa dzina lalitali loti sungalitchule usanadye. Bunlue atamva anaseka mpaka kutsamwa. Kumudzi kwawo bowa ameneyu ankadya wamisala mmodzi yekha, ndipo akadya ankaswera tsiku lonse akukambirana milandu ndi mtengo wa mango. Lero anthu a madigiri atatuatatu akuti bowa yemweyo atha kuzula njala ya yaba, timapiritsi tozunguza bongo, m'mutu mwa munthu.

Anaseka ndithu. Atatha kuseka anakalembetsa dzina pa kafukufuku wa bowayo.

Bunlue anali wa kabaza wa njinga yamoto pa siteji ya pafupi ndi msika wa Bang Khae, wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, mano otsala ochepa kuposa zakazo kutalitali. Kachilombo anakhala nako zaka khumi ndi zitatu, ndipo m'zaka zonsezo sanadumphepo piritsi la ARV ngakhale tsiku limodzi. Foni yake ikalira sikisi koloko m'mawa, kaya ali pamsewu, kaya ali m'chitokosi cha apolisi, ankameza. Chimenechi chinali chinthu chokhacho chimene ankatha kunyadira osanama. Yaba nayenso sankamudumpha kawirikawiri. Timapiritsi tofiirato ankatiotcha pa kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, n'kukoka utsi, n'kumati ndi za ntchito basi, zothamangitsa tulo. Zaka zisanu ndi zinayi za ntchito basi.

Kusiya anayesa. Anapita ku kachisi wa kumapiri kumene amonke amamwetsa anthu mankhwala osanzitsa, anasanza masiku asanu mpaka kuona zimene anadya ali mwana, n'kubwerako n'kusuta pa sabata yachitatu. Anapita ku kampu ya asilikali kumene amati chilakolako chimatha ndi perete. Kumeneko anaphunzirako kupinda bulangete bwinobwino, ndiponso anadziwana ndi ogulitsa atsopano anayi. Tsopano mtima unali utayamba kumugunda ngati injini yotha mafuta, ndipo tsiku lina anadzidzimuka ali pakati pa mlatho, mayi woyembekezera ali kumbuyo kwake, iye osakumbuka kuti wafika bwanji pamenepo. Sanauze munthu. Koma mantha anamulowa m'mafupa.

Ndiye panali Thawin, makaniko wa kuseri kwa msika, amene analowa m'gulu loyamba la kafukufukuyu. Thawin anameza kapisozi kamodzi kokha, anagona pa sofa maola asanu ndi limodzi akulira, n'kutuluka munthu wina. Ananenepa. Anayamba kutopetsa anthu ndi nkhani za malemu mayi ake. Ukamufunsa za buleki ankakuyankha za chikhululukiro. Koma miyezi isanu ndi iwiri inadutsa osasuta, ndipo Bunlue, amene sankakhulupirira amonke, asilikali kapena madokotala, anakhulupirira mimba ya Thawin.

Malo anali makumi awiri ndi anayi okha, ofuna anali mazana. Ankafuna anthu a kachilombo, omwa ma ARV mokhulupirika, osuta yaba. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Bunlue anapezeka kuti ali ndi zonse zomuyenereza.

Mkulu wa kafukufukuyu pa chipatalapo anali dokotala Kittiphat, mnyamata wa nkhope yosalala ngati dzira losenda, wophunzira kunja, amene ankati akamva mawu akuti yaba ankapendeka mutu mwachisoni ngati munthu amene anawerengapo za chinthuchi. Asanakupatse bowa ankayamba wakukonzekeretsa. Ankakulowetsa m'chipinda chokhala ndi sofa, maluwa, kansalu kophimba m'maso ndi nyimbo zopanda mawu zonga za pa maliro a munthu wolemera, n'kukhala moyang'anana nawe, manja pa mawondo.

"Amalume Bunlue, mukaganiza za bambo anu, mukumva chiyani m'thupi? Ndipo mukuchimva pati?"

Bambo ake a Bunlue anali munthu wofatsa amene sanamenyepo ngakhale galu. Koma Bunlue anaona kuti mwanayu akufuna chinachake choti alembe, ndipo si bwino kubweza mlendo chimanjamanja. Anamupangira bambo wina, woledzera, wa lamba wachikopa. Dokotala analemba masamba atatu, maso ali ngwee. Sabata yotsatira Bunlue anawonjezerapo njati yokondedwa imene bambo uja anagulitsa. Dokotala anatsala pang'ono kulira.

Malamulo enieni sanali m'chipinda cha maluwa ayi. Anali m'kachipinda ka mayi Rampai, nesi wa ku ma ARV, mayi wamfupi wa tsitsi la imvi amene anawadziwa Bunlue ndi mkazi wake kuyambira tsiku limene anawapeza ndi kachilombo. Lolemba lililonse munthu ankakodzera m'kakapu, mayi Rampai n'kuviikamo timapepala tiwiri. Kena kankanena ngati wasuta yaba. Kenako kankanena ngati ukumwa ma ARV, pakuti mankhwalawo amatsalira mu mkodzo. Malolemba atatu otsatizana mkodzo ukhale wopanda yaba, ndiye Lachinayi lake umeze bowa. Ukagwa, malo ako apatsidwa wina wa pamzere.

Bunlue anadutsa Malolemba awiri. Anayasamula, anatukwana makasitomala, anagona pa njinga ngati thumba la mpunga, koma anadutsa. Loweruka lachitatu kunagwa chimvula chimene chinasandutsa misewu mitsinje, magalimoto onse n'kuima, anthu n'kundandalika pa siteji mpaka pakhomo la msika, aliyense wokonzeka kulipira kawiri. Zikope za Bunlue zinkalemera ngati zanyowa nazonso. Mnzake wa pa siteji, Chalong, anangotambasula chikhatho, kapiritsi kofiira kali pamenepo. Anzathu ena amakukonda choncho.

Lamlungu lonse Bunlue anamwa madzi ngati ng'ombe, koma ankadziwa kuti utsi wa Loweruka suchoka m'thupi pofika Lolemba. Njira ya anthu a pa siteji apolisi akabwera ndi makapu awo inali yodziwika: umabwereka mkodzo. Koma apa m'pamene Bunlue anadziona kuti ndi wochenjera kuposa anzake. Mbuli ikanathamangira kwa mkamwini kapena kwa mwana wa neba, n'kugwidwa ndi kapepala kachiwiri kaja, pakuti mkodzo wa munthu wopanda kachilombo mulibe ARV. Pankafunika munthu womwa piritsi lomwelo tsiku ndi tsiku, wosasuta, wosaulula. Munthu woteroyo Bunlue ankagona naye m'nyumba imodzi.

Mkazi wake Samniang ankagulitsa phala la mpunga la nyama ya nkhumba pakhomo pa nyumba yawo, m'mphepete mwa ngalande. Lolemba m'mawa Bunlue anamupeza akuswera dzira m'mbale ya kasitomala, nthunzi ili tolo.

"Mayi ake Fon."

"Ndilibe."

"Sindinapemphe kanthu."

"Ukanditchula dzina la mwana ndiye kuti ukupempha. Tanena msanga, anthu akudikira."

Bunlue anadikira kuti kasitomala akakhale pa benchi, kenako anatulutsa kabotolo ka bulauni ka chakumwa chopatsa mphamvu, kotsukidwa bwino, n'kukaika pafupi ndi mbale ya jinja.

"Ndikufuna kanthu kakang'ono. Kamene umataya tsiku lililonse kwaulere."

Samniang anayang'ana kabotolo, anayang'ana mwamuna wake, n'kubwerera ku mphika.

"Wasutanso."

"Theka lokha."

"Theka la chiyani? La Loweruka?"

"Kunali mvula, mayi iwe."

"Eya, mvula. Chaka chatha kunali dzuwa. Chaka chinacho anamwalira amalume ako. Kumwamba kukangochita chilichonse, iwe umasuta." Anawaza anyezi m'mbale ina ngati akumenya munthu. "Bwanji osakapempha mkamwini wako? Ndi mowa amamwa uja amakodza zidebe."

Apa Bunlue akanatha kufotokoza za kapepala kachiwiri. Koma pa benchi panali anthu anayi, makutu ali tcheru ngati a mphaka, ndipo pakhomo pamenepo mawu akuti ARV sanatchulidwepo m'zaka khumi ndi zitatu. Ndani angagule phala kwa mayi wa kachilombo? Komanso, kunena zoona, mwamuna wochenjera sakonda kugawira mkazi wake nzeru zake zonse.

"Wako ndi woyera," anatero. "Mkazi wopereka chakudya kwa amonke m'mawa uliwonse. Mkodzo wa munthu wopita kumwamba."

"Nkhalamba yopanda manyazi. Zaka makumi atatu unanditengera unyamata, ndolo za mayi anga, magazi abwino. Unatsala mkodzo wokha." Anapukuta manja pa epuloni n'kutola kabotolo kaja. "Takasa phalali lisapserere. Ukalawa ndikudula dzanja."

Mkodzo wozizira umagwitsa munthu, zimenezi aliyense amadziwa. Bunlue anapana kabotolo m'khwapa, n'kuyendetsa njinga mpaka kuchipatala dzanja limodzi lili chomata ngati nkhuku yothyoka phiko. Ku chimbudzi kunalibe womulondera. Dokotala Kittiphat anali atanena tsiku loyamba kuti kuno si kupolisi, kuno ndi malo okhulupirirana. Bunlue anamukhulupirira kwambiri pa mfundo imeneyo. Anakhuthula kabotolo m'kakapu, anatsegula mpopi kuti pamveke phokoso, n'kutuluka akumanga lamba ngati munthu amene wagwira ntchito.

Mayi Rampai anaviika timapepala tawo n'kutigoneka pa thireyi. Bunlue anakhala pa mpando, mwendo pamwamba pa unzake, akuwerenga chikalata cha pakhoma chonena za kusamba m'manja.

"Yaba mulibe," anatero mayi Rampai.

"Angachokere kuti, anesi?"

Mayi Rampai sanaseke. Anavala magalasi, anayang'anitsitsa kapepala kachiwiri, anang'amba paketi ina n'kuviikanso katsopano. Anadikira akuyang'ana wotchi. Kenako anatuluka n'kubwera ndi dokotala.

Dokotala Kittiphat anakoka mpando n'kukhala pafupi kwambiri, mutu wopendeka kale.

"Amalume, choyamba ndikufuna mudziwe kuti pano sitiweruza munthu."

"Chabwino."

"Mu mkodzo wanu mulibe ma ARV. Olo pang'ono. Kapepalaka kamaonetsa choncho munthu akakhala kuti sanamwe sabata yathunthu, mwina kuposa. Mwina kuposa kwambiri."

Bunlue anatsegula pakamwa kuti aseke, kuti anene kuti timapepala tanuto n'tachinyengo, mwagula totchipa. Mawuwo anafika pa lilime n'kuima. M'mawa uliwonse foni yake ikalira, iye ankameza lake, Samniang naye ankaponya dzanja kukamwa n'kumwera madzi, chagada, osamuyang'ana. Ankaona dzanja. Ankaona madzi. Piritsi lenilenilo kulowa m'kamwa, analiona liti komaliza?

"Bunlue sadumpha mankhwala," anatero mayi Rampai, osayang'ana dokotala. Ankayang'ana Bunlue, maso ali pamwamba pa magalasi. "Munthu uyu anandiimbirapo foni ali m'manja mwa apolisi kuti ndimutumizire piritsi."

"Zimachitika, mayi Rampai," anatero dokotala mokoma mtima, ngati akuphunzitsa mwana. "Munthu akasiya chinthu chimodzi chimene chinkamugwira, nthawi zina amataya zonse. N'zodziwika ndithu." Nkhope yake inali itawala pang'ono. Anali wapeza choti alembe. "Amalume, musaope, malo anu sakutayika. Musaina apa kuti munadumpha mankhwala. Muzibwera m'mawa uliwonse kudzamwera pamaso pa anesi kwa masabata awiri, tiyeza magazi, ndipo tsiku lanu la kapisozi tingolisuntha. Basi." Anamupatsa cholembera, kenako anaseka. "Pokhapokha mutandiuza kuti mkodzowu si wanu! Zikatero ndiye dzina limafufutidwa, silibwereranso. Koma ife timakhulupirirana, si choncho?"

Tisamunamizire Bunlue ulemu umene analibe. Anasaina. Anasaina kuti iye, Bunlue, amadumpha mankhwala. Mayi Rampai anatenga pepalalo ndi zala ziwiri ngati chinthu chotoledwa m'ngalande.

Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo. Benchi inali itakwezedwa pa tebulo. Samniang anali kuseri, pa thabwa lotulukira pamwamba pa madzi, atanjuta pakati pa miphika, akukwecha. Bunlue anaima pakhomo n'kumuyang'ana, ndipo panali patapita nthawi yaitali asanachite zimenezo. Bulauzi imene ankaiona ngati yakula ndi kuchapa sinakule. Mafupa a m'khosi anali poyera. M'mbali mwa milomo munali tizilonda. Chifuwa chimene ankachimva usiku n'kumati ndi utsi wa makala chinamugwira mkaziyo pomwepo, anatsokomola atagwira mphika, n'kulavulira m'madzi.

"Wakhoza mayeso?" anafunsa Samniang osatembenuka.

"Amaviika timapepala tiwiri."

"Aviike khumi."

"Kachiwiri kamaona ngati munthu akumwa mankhwala."

Kukwecha kunaima. Kenako kunayambanso, pang'onopang'ono.

"Ukanandiuza m'mawa muja," anatero Samniang, "ndikanakuuza kuti upite kwa mkamwini."

"Unasiya liti?"

"Usandikwezere mawu pakhomo panga."

"Ndati unasiya liti, Niang?"

"Tsiku lija unagwada pamaso pa Buddha, mwana wako ali pomwepo, n'kulumbira kuti wasiya. Mawa lake ndinapeza kapepala kopserera m'thumba la thalauza. Werenga wekha, si iwe wochenjera?"

Miyezi inayi. Bunlue anaiwerenga kawiri.

"Nanga mapiritsi? Kuchipatala umakatenga, ndimakuperekeza ndine."

Samniang analoza madzi ndi chibwano. Pansi pa thabwa milamba inali piringupiringu, yonenepa, ndevu zili m'mwamba, kudikira.

"Milamba ya m'ngalande muno ndi yathanzi kuposa ya m'dziko lonse. Ikangomva foni yako imabwera."

"Wapenga iwe? Ukudziwa chimene chimachitika munthu akasiya!"

"Ndikudziwa bwino. Ndinachionapo, ndili pa bedi nambala naini, iwe uli kokasaka utsi." Anaika mphika pansi n'kumuyang'ana tsopano. Maso ake anali ouma. "Kachilombo unandibweretsera, ndinalandira ngati mphatso ya ukwati. Ndameza mapiritsi zaka khumi ndi zitatu. Kuti ndikhale ndi moyo wochita nawo chiyani? Wodzuka folo koloko kuphika phala, wosecha matumba ako, wodikira wapolisi adzandiuze msewu umene akutola? Ndinati ayi. Ulendo uno nditsogole ine. Iwe utsale, ukaone mmene amagulira bokosi, mmene amaitanira amonke, mmene amaphikira anthu zana. Uphunzireko kanthu."

Bunlue analowa m'nyumba, anatenga botolo lake la ma ARV, anabwera ndi piritsi pa chikhatho ndi kapu ya madzi.

"Imwa."

"Ponyera anzakowo, ali ndi njala."

"Niang, ndakupempha."

"Lero wapempha kawiri. Koyamba ndinakupatsa."

"Ndikauza mayi Rampai."

Apo Samniang anaphethira. Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene Samniang sankatha kumuyankha mwano, ndipo anali mayi wamfupi uja. Ndi amene anamusambitsa pa bedi nambala naini achibale ake ataopa kumukhudza, ndi amene anamumwetsa phala ndi sipuni mwezi wathunthu. Mayi Rampai akanati imwa, Samniang akanamwa ngakhale mwala. Koma mantha aja anangodutsa pa nkhope yake ngati mthunzi wa mbalame, n'kubwera kumwetulira koipa.

"Kawauze. Ukati wadziwa bwanji? Unalota? M'mawa mkodzo wako ulibe mankhwala, masana mkazi wako wasiya mankhwala. Mayi aja si mwana wako wa maluwa uja, amatha kuphatikiza. Ndipo mapepala a kafukufuku amasaina ndi iwo." Anatolanso chokwechera. "Usavutike, bambo ake Fon. Ndikudziwa zimene ukuwerengera m'mutumo. Ukuti miyezi inayi yapita kale, masabata awiri n'chiyani? Ndimeze kaye bowa wanga, ndilire pa sofa, ndikatuluka ndili munthu watsopano ndiye ndikanene. Si choncho? Dikira ndithu. Ine sindithawa."

Choipa chake n'chakuti zimenezo n'zimene Bunlue ankawerengera, mawu ndi mawu, kuyambira pa geti ya chipatala. Anali atafika pa masiku khumi ndi asanu ndi awiri, n'kuona kuti si ambiri. Munthu ukhoza kupirira mkazi wokutukwana. Mkazi wokuwerenga ngati chikwangwani cha pamsewu ndi nkhani ina.

Samniang anatsokomolanso, nthawi yaitali, msana ukugwedezeka. Atamaliza anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja n'kupitiriza kukwecha ngati pakhomopo palibe munthu.

Bunlue anaika kapu pansi n'kukaliza njinga.

Pamsewu anayesa mabodza asanu ndi limodzi, ndipo onse ankafera pa magalasi a mayi Rampai. Anayesa kuganiza za Thawin ndi mimba yake, za mlatho uja, za mmene zingakhalire kudzuka m'mawa osamva kanyerere ka chilakolako cha yaba kakuyenda m'mitsempha. Pa maloboti ena anatsala pang'ono kukhota kubwerera ku siteji. Galimoto ya kumbuyo inaimba hutala, iye anaitukwana mpaka agogo ake, n'kupitirira kutsogolo.

Anawapeza onse awiri, dokotala ndi nesi, m'kachipinda kaja, dokotala akumwa khofi wa madzi oundana ndi kapaipi.

"Amalume! Mwaiwala chiyani?"

"Mkodzo uja si wanga, adokotala."

Kapaipi kanatsala kukamwa.

"Ndinasuta Loweruka. Wanga ndi wakuda ngati madzi a m'ngalande. Uja ndi wa mkazi wanga." Anatembenukira kwa nesi. "Miyezi inayi, anesi. Akudyetsa nsomba. Akutsokomola, wawonda, ndipo ine wakana kundimvera."

Dokotala Kittiphat anaika khofi pansi. Mutu sunapendeke ulendo uno. Anatsegula kompyuta yake n'kuyang'ana mizere ya manambala ngati munthu amene mbuzi yalowa m'dimba lake.

"Mukudziwa zimene mwachita? Zotsatira za m'mawa ndatumiza kale. Tsopano ndilembe lipoti, ndifotokozere komiti, mwina atiuza kuti tiyambe kulondera anthu ku chimbudzi. Malolemba awiri aja, unali wanu?"

"Unali wanga."

"Ndikhulupirire bwanji?"

"Kuno ndi malo okhulupirirana, adokotala."

Mnyamatayo anafiira mpaka m'makutu. "Ndakhala nanu maola asanu ndi atatu, amalume. Munandiuza za bambo anu."

Bunlue anaganiza zomuuza za bambo akewo, koma anaona kuti mwanayu zamukwana za tsiku limodzi. Anangofunsa funso limene linamuvuta njira yonse, ndipo analifunsa motsitsa, manja ali pamodzi pachifuwa.

"Palibe kachitseko kakumbuyo? Ngakhale chaka chamawa? Ngakhale theka la kapisozi, lotsala kwa wina?"

"Malamulo sindinalembe ndine." Dokotala anadina batani limodzi. Sizinatenge nthawi imene munthu amatenga kuyetsemula. "Nambala yanu, seventini, yatsekedwa. Tikulemberani kalata yopita ku uphungu wa masiku onse."

Uphungu wa masiku onse Bunlue ankaudziwa. Unali wa mipando ya pulasitiki yozungulira ndi bisiketi.

Mayi Rampai anali atatsegula kale kabati, akulonga m'chikwama timabotolo ta makhololo, choyezera kutentha kwa thupi ndi fayilo yokhuthala ya pepala lachikasu.

"Kuti si wanu ndinadziwa m'mawa," anatero. "Kuti ndi wa ndani, ayi. Ndimaganiza kuti mwagula kwa wina wa pamzere panja apo. Ndikanadziwa ndikanakumenyani ndi thireyi." Anakoleka chikwama paphewa. "Chipewa cha pa njinga chachiwiri muli nacho? Muyendetse ngati munthu, ndili ndi zidzukulu."

Atafika, Samniang anali akadali pa thabwa paja. Atangoona yunifolomu yoyera pakhomo anadzuka msangamsanga, chokwechera chinagwera m'madzi, n'kukweza manja onyowa pamphumi ngati mwana wa sukulu wogwidwa akubera mayeso.

"Amayi, mwavutikiranji kubwera kuno, kunja kukutentha chonchi..."

"Khala chete. Tsegula pakamwa." Mayi Rampai anasuzumira m'kamwa, anamugwira m'khosi, anamvetsera pamsana. Sanakalipe. Ankalankhula motsitsa ngati akuwerenga mndandanda wa zogula kumsika. "Ndinakusambitsa ine. Matewera ndinakusintha ine. Ntchito yanga imeneyo ndiye ukudyetsa milamba? Piritsi sindikupatsa lero, tiyambe taona chifuwachi. Kavale. Tenga zovala za masiku atatu. Tikwera takisi, uyu wandikwana."

Samniang analowa m'chipinda. Anatuluka atavala bulauzi ya ku kachisi, kachikwama m'manja. Podutsa pamene Bunlue anatsamira khoma anaima, osamuyang'ana kumaso.

"Akuchotsa?"

"Andichotsa."

"Mpaka kalekale?"

"Mpaka kalekale."

"Chitsiru." Anakonza lamba wa kachikwama. "Mwina bowa uja akanakuchiritsa."

"Mwina."

"Ndiye upanga bwanji?"

"Sindikudziwa, Niang."

Mkaziyo anamuyang'ana tsopano, kuyambira ku mapazi mpaka kumutu, monga amayang'anira nyama ya nkhumba imene akuikayikira tsiku lake.

"Miphika itatu sinathe. Mpunga unyike usanagone. Anthu anga akabwera mawa n'kupeza benchi ili pa tebulo, apita kwa mayi wa pa kona uja, ndipo sabwereranso. Jinja uzidula woonda, osati zigamba za matayala."

"Sindinaphikepo phala."

"Uli ndi usiku wonse. Si paja sugona?"

Takisi itapita, Bunlue ananjuta pa thabwa pakati pa miphika. Thukuta linali kamukamu, kanyerere kaja katayamba kale ulendo wake m'mitsempha. Anayang'ana uku ndi uku kufuna chokwechera china. Anasecha pa shelefu, pansi pa sinki, m'chidebe cha makala, kuseri kwa thumba la mpunga. M'nyumba imeneyi anakhalamo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pomaliza anavula jekete yake ya pa siteji, anaipinda kanayi, anaiviika m'madzi a sopo n'kuyamba ndi mphika waukulu.